Jakisoni wa testosterone: minofu ibwera, koma nanga mbewu?

Ngati ndinu mwamuna ndipo mumakonda kuonera mavidiyo a zolimbitsa thupi pa TikTok kapena pa Facebook, mwina munakumana naye kale mkulu ameneyu. Malaya wavula, chifuwa chili nganganga, ndipo akukufunsani mafunso amene pafupifupi aliyense angayankhe kuti eya. Kodi mumadzuka muli wotopa? Kuchipinda zinthu sizikuyenda ngati kale? Mimba yayamba kutsogola? Yankho amakhala nalo kale: testosterone yanu yatsika, ndipo chofunika ndi jakisoni basi. M'munsi mwa vidiyoyo mumapeza nambala ya WhatsApp.

Sikuti zonse zimene akunenazo ndi zabodza ayi. Alipo amuna amene matupi awo sapanga testosterone yokwanira, ndipo kwa iwo mankhwalawa amasinthadi moyo. N'chifukwa chake jakisoni wa testosterone ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Chimene mkulu wa muvidiyo uja sakuuzani n'chakuti mankhwala omwewa amaimitsa kupangidwa kwa mbewu ya abambo, moti asayansi anawayesapo ngati njira yakulera ya amuna. Kwa munthu wa zaka 26 kapena 32 amene akuganiza zodzakhala ndi ana, imeneyi ndiye nkhani yoyenera kuyambira.

Mwini golosale wa m'mutu mwanu

Testosterone ndi homoni imene imapangidwa kwambiri m'machende. Ndiyo imakulitsa mawu a mnyamata akamatha msinkhu, kumeretsa ndevu, kumanga minofu, kulimbitsa mafupa, kuthandiza kupanga magazi komanso kudzutsa chilakolako. Koma machendewo sadzilamulira okha. Amadikira uthenga wochokera ku kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kamene kali kunsi kwa ubongo, kotchedwa pituitary. Kachiwaloka kamatumiza mahomoni awiri. Ina, LH, imauza machende kuti apange testosterone. Inayo, FSH, imathandiza pa ntchito yopanga mbewu.

Ubongo umachita zinthu ngati mwini golosale. Amayang'ana pa mashelefu, akaona kuti katundu wachepa, amathamangira ku holoselo kukaoda wina. Akaona kuti padzaza, amakhala pansi. Safunsa kuti katunduyo wabwera ndi ndani. Ndiye mukabaya testosterone yochokera m'botolo, ubongo umaona magazi atadzaza, n'kusiya kutumiza LH ndi FSH. Machende akapanda kulandira oda, amaima.

Wina angafunse kuti, nanga si testosterone yomweyo ili m'magazi, bwanji mbewu isapitirire kupangika? Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Kuti mbewu ipangike, mkati mwa machende momwemo mumafunika testosterone yochuluka kwambiri, yoposa ya m'magazi maulendo makumi angapo. Yochuluka chonchi imapezeka pokhapokha machende akamapanga okha. Ya jakisoni imazungulira thupi lonse, imafika ku minofu, munthu n'kumaoneka wadzitho, koma mkati muja mwauma. Pakapita miyezi machende amayamba kuchepa ndi kufewa. Umuna umatuluka ndithu ngati kale, moti ndi maso simungadziwe kanthu, koma mbewu imakhala yochepa kapena mulibiretu.

Mu 1990 bungwe la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'mayiko 7. Amuna 271 athanzi komanso obereka bwinobwino ankabayidwa testosterone sabata iliyonse pofuna kuona ngati ingagwire ntchito yakulera. Pasanathe miyezi 6, pafupifupi awiri mwa atatu alionse analibe mbewu ngakhale imodzi mu umuna wawo. Kuwunika kwina kwa mu 2006, komwe kunaphatikiza akafukufuku ambiri a mtundu umenewu, kunapeza kuti amuna akasiya jakisoni mbewu imabwerera, koma mwapang'onopang'ono: amuna 67 pa 100 alionse inali itabwerera pomatha miyezi 6, ndipo 90 pa 100 pomatha chaka. Otsalawo zinawatengera mpaka zaka ziwiri.

Manambala amenewa akhoza kukulimbitsani mtima, koma taonani kaye anthu ake. Anali amuna oyezedwa kale kuti ali bwino, akulandira mlingo woyezedwa ndi madokotala, kwa nthawi yodziwika. Mnyamata amene akubayitsa kuseri kwa jimu kwa zaka zitatu, pa mlingo umene wauzidwa ndi mnzake, nthawi zina ataphatikiza ndi mankhwala ena okulitsa minofu, sali m'gulu limenelo. Kwa ena oterewa kuchira kumachedwa kwambiri, ndipo alipo amene sabwereranso pomwe anali. Komanso tisapotoze nkhani: popeza si amuna onse amene mbewu imatheratu, jakisoniyu musamuyese kulera. Akhoza kukulandani mwana amene mukumufuna, n'kukupatsani amene simunamukonzekere.

Ndipo tonse tikudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno banja likatha chaka chimodzi kapena ziwiri popanda mwana. Maso onse amapita kwa mkazi. Ndi iye amene amamwetsedwa zitsamba, kupita naye kumapemphero a usiku, kunenedwa ndi alamu ake pachitsime kapena pagulu la WhatsApp la kubanja. Ankhoswe amaitanidwa. Bambo wa minofu yake, ndevu zili bii, ndani angamuganizire kuti ndiye wagwa mu mpapaya? Chonsecho madokotala amanena kuti pa mabanja amene akuvutika kupeza mwana, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna. Ine chimene chimandipweteka pa nkhani ya testosterone yogula mwamseri n'chakuti mkazi akhoza kusenza manyazi a chinthu chimene mwamuna wake akuchibisa m'chikwama cha ku jimu, mwamunayo osadziwa n'komwe kuti zinthu ziwirizi n'zogwirizana.

Kutopa kokha si umboni

Chilakolako chofuna kubwezeretsa unyamata ndi jakisoni sichinayambe ndi TikTok. Mu 1889 ku Paris, dokotala wotchuka Charles-Édouard Brown-Séquard, ali ndi zaka 72, anauza akatswiri anzake kuti wapeza mankhwala a ukalamba. Ankasinja machende a agalu ndi a mbira, kusefa madzi ake n'kumadzibaya. Iye anati mphamvu zabwerera, akutha kugwira ntchito nthawi yaitali, ngakhale mkodzo ukufika patali kuposa kale. Anthu ambiri ku Ulaya ndi ku America anathamangira madzi amenewo. Patapita zaka zoposa 100, ofufuza anakonzanso madziwo motsatira njira yake ndipo anapeza kuti testosterone imene inalimo inali yochepetsetsa, yosatha kusintha kanthu m'thupi. Mkuluyo anachira ndi chikhulupiriro chabe. Testosterone yeniyeni inadzapatulidwa mu 1935 ndi gulu la Ernst Laqueur ku Amsterdam, ndipo chaka chomwecho Adolf Butenandt ndi Leopold Ruzicka anapeza njira yoipangira mu labotale.

Ndafotokoza za mkuluyu chifukwa mawu akuti "ndinabayitsa ndipo ndikumva bwino" ndi amene amagulitsa mankhwalawa mpaka lero. Kumva bwino n'kwabwino, koma sikutsimikizira kuti munali ndi vutolo.

Madokotala amati munthu ali ndi vuto la kuchepa kwa testosterone, lomwe amalitcha hypogonadism, pakapezeka zinthu ziwiri pamodzi: zizindikiro, komanso magazi osonyeza kuti yatsikadi. Zizindikiro zimene zimaloza kwambiri ku vutoli ndi kutha kwa chilakolako, chida cha abambo kusiya kudzuka chokha m'mamawa, ndevu ndi tsitsi la m'thupi kuchepa, machende kuchepa, mabere kutupa, ndi mafupa kuthyoka pa zinthu zazing'ono. Kutopa, kusakondwa ndi kuiwalaiwala zimabweranso, koma zimenezi zili ndi eni ake ambiri: kuchepa kwa magazi, shuga, nkhawa ya ngongole, matenda ovutika maganizo, kapena kungogona mochedwa tsiku ndi tsiku. Ngakhale vuto la kulephera kuchipinda, kawirikawiri gwero lake limakhala mitsempha ya magazi, shuga, BP, mowa, fodya kapena mantha, testosterone ili bwinobwino.

Kuyeza kwake nakonso kuli ndi malamulo. Testosterone imakwera m'mamawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka, choncho magazi amayenera kutengedwa m'mawa, munthu asanadye. Kuyeza kamodzi sikokwanira, pamafunika kubwereza tsiku lina. Bungwe la American Urological Association mu 2018 linaika malire pa 300 ng/dL, komwe ndi pafupifupi 10 nmol/L, pa kuyeza kuwiri kwa m'mawa. Munthu amene akudwala malungo kapena wangotuluka kumene m'chipatala sayenera kuyezedwa nthawi imeneyo, chifukwa matenda amaitsitsa kwakanthawi. Ikapezekadi yotsika, dokotala wabwino sathamangira kulemba jakisoni. Amayezanso LH, FSH ndi homoni ina yotchedwa prolactin kuti adziwe ngati vuto lili m'machende kapena kumutu.

Funso limeneli, lakuti yatsika chifukwa chiyani, ndi limene wogulitsa wa pa WhatsApp sangakufunseni. Kwa ena vuto ndi lobadwa nalo, monga matenda a Klinefelter, pomwe mwamuna amabadwa ndi chromosome X yoonjezera. Zimachitikira pafupifupi mwamuna mmodzi pa 600 alionse, ndipo ambiri amadzazindikira atakula, akufufuza chifukwa chosaberekera. Ena machende anawonongeka ndi matsagwidi amene anawagwira atatha kale msinkhu, ngozi, kupotokola kwa chende, kapena mankhwala a khansa. Ena ali ndi chotupa pa pituitary paja, chimene chimafuna chithandizo chakechake. Kumubaya testosterone munthu wotereyu popanda kufufuza kuli ngati kupenta khoma limene likudyedwa ndi chiswe.

Koma kwa achinyamata ambiri zifukwa zake ndi zapafupi, ndipo zambiri n'zobwezeka. Kunenepa kwambiri ndi chimodzi mwa zikuluzikulu, chifukwa mafuta a m'thupi amasandutsa testosterone kukhala estrogen, ndipo munthu akachepetsa thupi testosterone imakweranso. Shuga, mowa wambiri, HIV ndi chifuwa chachikulu zimaitsitsa. Mankhwala opha ululu a gulu la tramadol ndi codeine, amene achinyamata ena amamwa ngati zosangalatsa, amaitsitsa kwambiri. Ndiye pali tulo. Mu 2011 ofufuza a ku University of Chicago anatenga anyamata athanzi n'kuwalola kugona maola 5 okha usiku uliwonse kwa sabata imodzi. Testosterone yawo ya masana inatsika ndi 10 mpaka 15 peresenti. Yerekezani ndi ukalamba, umene umaitsitsa ndi pafupifupi 1 peresenti pachaka munthu akadutsa zaka za m'ma 30. Bando ya usiku ija, imene timaigula poti ndiyotchipa n'kumaonera mafilimu mpaka 3 koloko, ili ndi mtengo wina umene sulembedwa pa foni.

Mmene "Low T" inasandukira bizinesi

Mawu akuti "Low T" amene adzaza pa intaneti anatchuka kudzera m'malonda a makampani a mankhwala ku America, makamaka testosterone yopaka ya AndroGel italoledwa m'chaka cha 2000. Pakati pa 2001 ndi 2011, chiwerengero cha amuna a zaka 40 kupita m'tsogolo amene ankalandira testosterone m'dzikomo chinakwera katatu, ndipo kafukufuku anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anayamba mankhwalawa asanayezedwe magazi n'komwe. Mu 2015 bungwe loona za mankhwala la FDA linachita kukumbutsa poyera kuti testosterone inaloledwa kwa amuna amene yatsika chifukwa cha matenda odziwika, osati chifukwa cha kukula kokha. Mavidiyo ambiri amene akutipeza pa foni lero ndi zidzukulu za malonda amenewo, kungoti tsopano akulunjika anyamata a zaka za m'ma 20.

Kwa amene akufunikiradi

Tisataye mwana pamodzi ndi madzi osambira. Mwamuna amene machende ake kapena pituitary yake sizigwira ntchito amapinduladi: chilakolako chimabwerera, minofu ndi mafupa zimalimba, magazi amakwera. Mnyamata amene wafika zaka 18 mawu asanasinthe chifukwa cha vutoli amatha kutha msinkhu ngati anzake. Mankhwalawa amabwera m'njira zingapo. Pali jakisoni wa masabata awiri kapena atatu alionse, monga Sustanon. Pali wina wokhalitsa, Nebido, wobaya pakatha masabata 10 mpaka 14. Palinso wopaka pakhungu tsiku lililonse.

Kwa abambo achikulire amene testosterone yangotsika pang'ono ndi zaka, phindu lake ndi locheperapo kusiyana ndi mmene amalengezera. Kafukufuku wa mu 2016 wa abambo 790 a zaka 65 kupita m'tsogolo anapeza kuti za kuchipinda zinasinthako ndithu ndipo mtima unkakhalako m'malo, koma pa nkhani ya kutopa, imene ndi nyambo yaikulu ya otsatsa malonda, kusintha kwake sikunali kooneka.

Nanga mtima? Kwa zaka zambiri madokotala ankakangana ngati testosterone imayambitsa matenda a mtima. Yankho lalikulu linabwera mu 2023 ndi kafukufuku wotchedwa TRAVERSE, wa amuna oposa 5,200 a zaka 45 mpaka 80 amene anali ndi testosterone yotsika komanso matenda a mtima kapena chiopsezo chake. Amene ankapaka testosterone sanadwale mtima kapena sitiroko kuposa amene ankapaka mankhwala ongoyerekezera. Imeneyo ndi nkhani yabwino, ndipo ogulitsa amaikonda. Chimene amadumpha n'chakuti m'gulu la testosterone munapezeka anthu ambiri amene mtima unkagunda mosalongosoka, magazi anaundana m'mapapo, kapena impso zinavulala mwadzidzidzi. Ndipo apanso, awa anali pa mlingo wa kuchipatala, akuyezedwa pafupipafupi. Zotsatirazi sizikunena chilichonse chotonthoza munthu amene akubaya mlingo wa ku jimu, womwe nthawi zambiri umaposa wa kuchipatala kangapo.

Munthu amene ali pa mankhwalawa amayenera kumayezedwa magazi nthawi ndi nthawi, chifukwa testosterone imachulukitsa maselo ofiira mpaka magazi kukhuthala. Muyezo wake, wotchedwa haematocrit, ukadutsa 54 peresenti, dokotala amaimitsa kaye mankhwala kapena kuchepetsa mlingo. BP imatha kukwera. Kwa abambo achikulire amayang'aniranso prostate. Ziphuphu, dazi lofulumira kwa amene kwawo kuli dazi, ndi kutupa mabere zimachitikanso. Amene ali ndi khansa ya prostate kapena ya bere, amene wangodwala kumene mtima kapena sitiroko, ndi amene amabanika kwambiri kutulo koma sanalandire chithandizo, sayenera kuyamba.

Wopaka uja ali ndi vuto lakelake limene makolo ayenera kulidziwa. Amatha kuchoka pakhungu la bambo n'kupita kwa mwana kapena mkazi pokhudzana. Mu 2009 FDA inalamula kuti pamapaketi pazilembedwa chenjezo lalikulu, ana ang'onoang'ono atapezeka akumera tsitsi la kumaliseche ndi kusonyeza zizindikiro zina za kutha msinkhu nthawi isanakwane. M'nyumba zathu zambiri, momwe mwana amagona pakati pa makolo ndipo thaulo ndi limodzi, si nkhani yoitenga mopepuka. Wopaka asambe m'manja ndi sopo ndipo avale malaya ophimba pamene wapakapo.

Chinanso chimene anthu sauzidwa ndi mmene zimakhalira posiya. Paja mwini golosale uja anasiya kuoda. Mukangosiya jakisoni, ya m'botolo imatha m'magazi machende asanadzuke, ndiye pamakhala masabata kapena miyezi imene munthu amafooka, kukhumudwa ndi kutha chilakolako kuposa mmene analili asanayambe. Ambiri amaona ngati umenewu ndi umboni woti ankafunikiradi mankhwalawo, n'kubwereranso kwa wogulitsa. Kasitomala wotere ndiye amene geni iliyonse imamufuna. Kwa amene ali ndi hypogonadism yeniyeni yosachiritsika, mankhwalawa ndi a moyo wonse, choncho nkhani ya ndalama ndi kupezeka kwake iyenera kukambidwa asanabayidwe jakisoni woyamba.

Poyambira pake

Ngati zizindikiro zija mukuziona, yambani ndi dokotala kapena kiliniko ofesa, ndipo mumuuze zonse, kuphatikizapo mowa, tramadol, gondolosi, ndi chilichonse chimene munagula ku jimu kapena pa intaneti. Ena mwa maufa ndi mapilisi olembedwa kuti "booster" anapezekapo m'mayiko ena ali ndi mahomoni osalembedwa pa botolo, ndiye ngati n'kotheka tengani botololo akalione. Mwina adzayamba ndi kuyeza shuga, BP, kuchuluka kwa magazi ndi HIV, ndipo musaone ngati akukuzembani, chifukwa nthawi zambiri yankho limapezeka momwemo. Kuyeza mahomoni kumafuna labotale yaikulu, choncho akhoza kukutumizani ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, kapena ku labotale yolipira.

Testosterone ndi mankhwala oyenera kulembedwa ndi dokotala ndi kugulidwa ku famase yovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kabotolo kochokera m'chikwama cha munthu simungadziwe kuti muli chiyani, mlingo wake ndi wotani, kapena kanasungidwa bwanji. Kubwerekana singano kumaonjezera HIV ndi hepatitis B pamwamba pa zonsezi.

Ndipo ngati mukufuna ana, kaya chaka chino kaya zaka zisanu zikubwerazi, nenani zimenezo dokotala asanagwire cholembera. Malangizo a akatswiri amanena momveka kuti mwamuna amene akufuna kubereka posachedwa asapatsidwe testosterone. Pali mankhwala ena, monga hCG ndi clomiphene, amene m'malo molowa m'malo mwa machende amawadzutsa kuti azipanga okha, ndipo kwa amuna ena amakweza testosterone mbewu osaiwononga. Awanso ndi oyang'aniridwa ndi katswiri, si ogula pa WhatsApp.

Kwa amene munayamba kale kubayitsa ndipo kunyumba mukudikira mwana, musasiye mwakachetechete n'kumayembekezera zodabwitsa mwezi wamawa. Pitani kuchipatala limodzi ndi akazi anu, mukanene zimene mwakhala mukubaya ndi nthawi imene munayamba, ndipo mupemphe kuyezedwa umuna. Mbewu imodzi imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, choncho dokotala adzakuuzani kuti mubwerenso kudzayezetsa pakatha miyezi itatu.